Supu Wozizira wa a Chiphaliwali

Mumsewu wonsewo palibe amene ankawaitana ndi dzina lawo lenileni. Ankangoti a Chiphaliwali, chifukwa cha kung'anima kumene kunkatuluka pakhomo la shopu yawo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ntchito yawo inali yowotcherera zitsulo: mageti, mawilibala, mabedi, zitsulo za m'mawindo, ndi mipando imene miyendo yake yatopa ndi eni ake. Shopuyo inali pansi, ndipo iwo ndi akazi awo ankakhala pamwamba pake, m'zipinda ziwiri za malata zopanda siling'i.

Munthuyu anakula ndi moto ndipo ankaukhulupirira kuposa china chilichonse. Ntchito anaiphunzira ali wamng'ono kwa amalume awo, amene ankaphunzitsa ndi mbama osati ndi pakamwa, ndipo chachikulu chimene anatolako n'chakuti chinthu chikavuta uchitenthetse. Chitsulo chikapindika, chitenthetse. Nati ikakana kumasuka, itenthetse. Chimfine chikakugwira, imwa zotentha. Kwa iwo chakudya chozizira chinali chipongwe, chopatsa mlendo amene sukufuna kuti adzabwerenso. Zaka zonse za banja lawo, akazi awo ankatsika masitepe masana aliwonse ndi mbale yovundikira, akufulumira kuti nthunzi isathere panjira, ndipo fulasiki ya tiyi inkakhala pambali pa makina owotcherera ngati chida china cha ntchito. Tiyi akangofunda pang'ono ankamubweza. Mayiwo, amene a Chiphaliwali ankawatchula kuti Abwana ngakhale pamaso pa makasitomala, ankangoseka n'kunena kuti tsiku lina adzawathirira chitsulo chosungunula m'kapu, mwina pamenepo adzamva mawu oti zikomo.

Chilimwe cha chaka chimenecho chinafika ngati chili ndi mangawa ndi anthu. Phula la mumsewu linkafewa mpaka kumata ku nsapato, agalu ankangogona pansi pa magalimoto malilime ali panja, ndipo malata a pamwamba pa shopu ankathetheka okha dzuwa likafika paliwombo. M'nyengo imeneyi ndi mmene Abwana ankalandira chithandizo cha matenda a pakhosi kuchipatala chachikulu. Chithandizocho, pothamangitsa matenda, chinasiya zilonda m'kamwa monse mpaka kummero. Kumeza malovu kunasanduka ntchito. Mayi amene ankakwera masitepe aja ali ndi chidebe m'manja anaonda mpaka mphete yawo yaukwati inkavuka yokha posamba.

A Chiphaliwali anachita zimene ankadziwa. Ankazimitsa makina n'kukwera m'mwamba kukaphika: supu wa mafupa, tiyi wamkaka, mbatata zosinja, zonse zikufuka nthunzi. Asanapereke ankayamba aviikamo chala, n'kunena mokhutira kuti zangofunda bwinobwino. Vuto linali chala chimenecho. Zaka zogwira zitsulo zamoto zinaumitsa manja awo moti khungu lake linali ngati chikopa cha lamba, losamva kutentha, losamvanso kuzizira. Lilime nalonso linali litapsa kalekale ndi tiyi wa m'fulasiki uja. Chimene iwo ankati chafunda chikanasupula munthu wina aliyense. Abwana ankatsegula pakamwa, kumeza supuni imodzi, misozi n'kulengeza, kenako n'kutembenukira kukhoma. Kulankhula kunkawapweteka, komanso sankafuna kugwetsa mphwayi mwamuna amene waphunzira kuyatsa sitovu imvi zili mbuu. A Chiphaliwali ankangoti ndi matendawo akukana chakudya, ndiye mawa lake ankawonjezera moto.

Anatulukira zimenezi ndi namwino wina kuchipatala kuja. Ali pabenchi kudikira, a Chiphaliwali anathirira akazi awo tiyi m'chivundikiro cha fulasiki, namwinoyo n'kutambasula dzanja kuti athandize kugwira. Anangotsala pang'ono kuchiponya pansi. Sanawakalipire, koma bola akanawakalipira. Anawakhazika pansi n'kuwafotokozera pang'onopang'ono kuti mayiwo akufunika zozizira, zofewa, zosawawasa, zopanda tsabola, mchere wongogundako chabe. Anawauzanso mosapita m'mbali kuti thupi likapitiriza kutsika chonchi, chithandizo chotsatira chiyamba chaimitsidwa. A Chiphaliwali anatuluka m'chipatalamo nkhope ili pansi, fulasiki ikuwalemera m'manja ngati mwala.

Kuyesa kwawo koyamba kunalephereka. Mayi wina wogulitsa juwisi kutsidya kwa msewu anawauza kuti kuli supu amene saphika, amangopera tomato, anyezi ndi adyo n'kuziziritsa. Iwo anathamanga nazo osaganiza kuti tomato amawawasa, poti lilime lawo silinawauzepo zimenezo. Abwana atangolawa analira mokweza, kulira kumene sanalirepo ngakhale pa jakisoni. Nkhaniyi inafika kwa mwana wawo wamkazi amene amagwira ntchito kutali, ndipo kuchokera kumeneko inafika kumene a Chiphaliwali ankaopa kwambiri, kwa alamu awo.

Alamuwo anali akulu awo a Abwana, ndipo ndi amene anawalera makolo atamwalira. Anali ndi kantini pafupi ndi depoti ya mabasi, ndipo mawu awo anazolowera kupikisana ndi mahutala. Ukwati wa mng'ono wawo sanaukondwerere chiyambire. Ankati mwana wosamalika chonchi sangapite kwa munthu wamwaye, wogona pamwamba pa zitsulo. Nyumba yawo inali kumapeto kwa tauni, yasiling'i, pansi pa mitengo ikuluikulu, koma zaka zonsezi a Chiphaliwali anali asanapitirirepo pakhonde. Palibe anawaletsa kulowa, palibenso anawauza kuti lowani. Tsopano alamuwo anaimba foni, ndipo sanayambe n'komwe ndi moni.

"Mawa masana ndikubwera ndi galimoto. Mng'ono wanga sangafere m'ng'anjo ine ndilipo."

A Chiphaliwali atafunsa akazi awo ngati akufuna kupita, Abwana anapukusa mutu. Koma onse awiri ankadziwa kuti mayiwo sanakanepo mawu a akulu awo chibadwire, ndipo sakanayamba lero, mawu omwe alibe. Njira inali imodzi basi: alamu adzapeze Abwana akudya. Munthu amene akudya panyumba pake sanganyamulidwe ngati katundu. Akadzapeza mbale zili zodzaza ngati masiku onsewa, madzulo a tsiku limenelo a Chiphaliwali adzakwera masitepe aja n'kupeza bedi lopanda munthu.

Kutacha analawirira kumsika dzuwa lisanakwiye. Ulendo uno anali atafunsa namwino uja chimodzichimodzi, kuopa kubwereza za tomato. Anagula nkhaka, peyala lakupsa bwino, letesi ndi yogati wopanda shuga. Atafika kunyumba anatsitsa bulenda, makina operera zakudya amene mwana wawo anatumiza kalekale, amene ankangokhala pamwamba pa kabati atafunditsidwa kansalu koluka ngati chokongoletsa.

Nkhakazo anazisenda mosamala ngati akupala dzimbiri pachitsulo chopyapyala. Anazing'amba pakati n'kukokolola njere zonse ndi supuni, poti kanjere kamodzi kokha kakagwera pachilonda ndiye kuti ntchito yonse yapita m'madzi. Letesi anamutsuka m'madzi owiritsa amene anali atazizira. Anaika zonse m'jagi ya bulenda, kuwonjezera peyala, yogati, mkaka pang'ono ndi mchere wotsina ndi zala ziwiri. Makina atalira kanthawi, munatuluka chinthu chosalala, chobiriwira ngati penti ya geti. Anachisefa kuti pasatsale kanthu kokanda pakhosi. Zonsezi zinatha msanga moti anakhumudwa nazo. Chakudya chanji chimene munthu umamaliza osayatsa moto, osapsa n'chala chomwe? Ankaona ngati akubera mkazi wawo. Komabe anavundikira jagiyo n'kuiika m'firiji.

Firijiyo inali yakale, ndipo m'chilimwe chimenechi inkangobuula osaziziritsa kwenikweni. A Chiphaliwali anasuzumira kuchipinda. Abwana anali chigonere, fani ikuwapemerera mpweya wotentha womwewo.

"Abwana, ndikukagula ayisi kwa a nsomba aja. Musathawe."

Mayiwo anatukula chala chimodzi, kusonyeza kuti nthabwalayo aimva koma ndi yakale.

Kwa wogulitsa nsomba kunali mzere, chifukwa tauni yonse inkafuna madzi oundana tsiku limenelo. A Chiphaliwali anaima akupondaponda, maso ali padzuwa. Pobwerera anali ngati akuthamanga, thumba la ayisi likudontha paphewa, ndipo atangokhota pakona mtima wawo unangoti myuu. Pakhomo la shopu panali galimoto yoyera, dalaivala atatsamira pampando akudzikupiza ndi chipewa. Alamu anati masana, koma masana a alamu amayamba pamene iwo adzukira.

Ali pakati pa masitepe anamva fungo. Linali fungo lachilendo, ngati udzu wauwisi umene wagwera pamoto, losakanikirana ndi la anyezi wokazinga. M'khitchini anapeza sitovu ikadali yotentha, poto ali pamenepo, jagi ya bulenda ili gada m'sinki. Thumba la ayisi linagwa pansi.

Kuchipinda alamu anali atakhala pamphepete pa bedi, atagwira mbale yachitsulo ndi kansalu, nthunzi ikukwera. Abwana anali atatsamira pilo, maso ali chitsinzinire, misozi ikuyenderera mpaka m'makutu. Pakhosi pawo pankagwedezeka, kulimbana ndi supuni yoyamba. Yachiwiri inali kale panjira.

"Alamu, ikani supuniyo pansi."

Alamu sanatembenuke. Anayankha akuyang'ana mng'ono wawo, kunena kuti m'firiji apezamo chinthu chobiriwira chozizira ngati madzi a m'dambo, ndipo chibadwire sanaonepo mwamuna wodyetsa mkazi wodwala zinthu zosaphika. Anati achita kuchiwiritsa, kuthiramo mchere, anyezi ndi katsabola pang'ono kuti chisanduke chakudya cha munthu. Kunena zoona, sankachita mwankhanza. Ankachita zomwe a Chiphaliwali anakhala akuchita masiku onse aja, ndi mtima womwewo, ndipo n'chifukwa chake zinawapweteka kwambiri kuziona. Supuni ija inafika pamilomo, ndipo Abwana, poopa kukhumudwitsa akulu awo, anayamba kutsegula pakamwa.

A Chiphaliwali sanaganize. Anangotambasula dzanja n'kugwira mbale ija ndi dzanja losavala kanthu, kuichotsa m'kansalu ka alamu. Supu wowira anakhavukira pazala mpaka pachikhatho. Anaiika pansi pafupi ndi chitseko.

"Mwandilanda mbale m'manja? Ine?"

Anayesa kufotokoza za namwino, za zilonda, za kuzizira, koma mawu ankatuluka mopingasa. Munthu wazaka zake zonsezo, pamaso pa alamu ankasanduka mnyamata wodzafunsira mbeta uja, wovala jekete yobwereka. Alamu anawadula pakamwa. Anati iwo adyetsa anthu pakantini kuyambira a Chiphaliwali asanamere ndevu, ndipo palibe anafapo ndi chakudya chotentha. Anati aona zokwanira. Anaimirira, kukwera pampando, n'kutsitsa sutikesi pamwamba pa wadiropu. Panja dalaivala analiza hutala.

A Chiphaliwali anayang'ana akazi awo. Abwana anali atatseka pakamwa ndi dzanja, mapewa akunjenjemera. Sanawayang'ane.

A Chiphaliwali anabwerera kukhitchini. Patebulo panatsala nkhaka imodzi yopindika imene anaikana m'mawa chifukwa cha kuipa nkhope, theka la peyala limene linayamba kuda pamwamba, ndi yogati wa pansi pa kabotolo. Ayisi anali kusungunuka pansi, madzi akulowera kunsi kwa firiji. Kuchipinda kunkamveka mahang'ala akugundana. Iwo ankazidziwa zovala za mkazi wawo, sizinali zambiri, ndipo alamu ndi munthu wamanja achangu. Nthawi imene anali nayo inali yolongedza sutikesi imodzi basi.

Anatsuka jagi ija, kuitsukuluza ndi madzi a ayisi. Anayamba kusenda nkhaka mothamanga. Mpeni unaterereka. Sanamve kanthu mpaka ataona magazi pathabwa. Anatukwana chapansipansi, kutsuka chalacho, n'kuchikulunga ndi tepi yakuda ya mawaya imene imakhala m'thumba la ovolosi yawo nthawi zonse. Chidutswa chimene chinakhudza magazi anachitaya, ngakhale mtima unkawawa kutaya kalikonse. Anachotsa njere, anapala pakuda pa peyala, anakokolola yogati mpaka supuni kulira m'kabotolo. Kuchipinda kunamveka dirowa ikutsegulidwa, ya mankhwala ndi makadi a kuchipatala.

Kudikira firiji kunalibenso. Anaponyamo timiyala ta ayisi m'jagi momwemo, kuwonjezera kamkaka, n'kutsina mchere wochepa kuposa wa m'mawa. Bulenda italira, alamu anafuula kuti phokoso ngati limeneli ndi limene likudwalitsa munthu m'nyumba muno. A Chiphaliwali anasefa supuyo, akukankha ndi kumbuyo kwa supuni, n'kumuthira m'kambale kachitsulo. Kambaleko anakakhazika m'beseni lodzaza ayisi n'kuyamba kutakasa, monga amachitira poziziritsa chitsulo m'madzi. Supuni yodyera anaikwirira m'ayisi momwemo. Kuchipinda zipi ya sutikesi inalira, kuzungulira mbali zonse.

Apa ndi pamene anaima mutu. Anaviika chala m'supu muja, osamva kanthu. Analawa, lilime linangowauza kuti n'chinthu chonyowa. Kambaleko kanali katangochoka pafupi ndi sitovu yotentha, khitchini yonse inali ngati uvuni, ndipo iwo analibe chiwalo n'chimodzi chomwe chimene akanachikhulupirira. Chala chomwechi chinawanamiza kwa milungu yambiri. Akalakwitsanso kamodzi, Abwana sadzatsegulanso pakamwa, kaya pano kaya kwa akulu awo. M'nyumba monsemo munali munthu mmodzi yekha woti angamufunse, ndipo anali yemwe uja amulanda mbale.

Ananyamula beseni lonselo n'kulowa nalo kuchipinda. Sutikesi inali itaima pakhomo. Abwana anali atavekedwa diresi yawo yabuluu, atakhala pamphepete pa bedi, ndipo alamu anali atawerama kuwaveka nsapato.

"Alamu, ndithandizeni. Manja angawa samva, lilime nalonso chimodzimodzi. Talawani mundiuze ngati wazizira."

Alamu anadzutsa mutu atakonzeka kale ndi yankho, koma maso awo anagwera pamanja amene anagwira beseni. Chikhatho chimene chinakhavukiridwa supu chija chinali chofiira, ndipo pakati pa zala panali patayamba matuza. Chala china chinali m'tepi yakuda. Anafunsa ngati sizikuwawa. A Chiphaliwali anayang'ana dzanjalo ngati ndi la munthu wina, n'kunena kuti ayi, sanadziwe n'komwe. Alamu anaika pansi nsapato imene inali m'manja mwawo. Anayang'ana mbale ija ili pansi pafupi ndi chitseko, ikadafukabe pang'ono, kenako anayang'ana pakamwa pa mng'ono wawo. Anatenga supuni m'ayisi, kutapa, n'kulawa. Nkhope inakwinyika ngati amwa mankhwala.

"Wazizira. Mpaka mano kuwawa. Koma mchere mulibe."

"Mchere umawaluma, alamu."

Alamu anabweza supuni. A Chiphaliwali anaitsukuluza m'madzi a ayisi, n'kugwada patsogolo pa akazi awo, mawondo akulira. Abwana ataona supuni ikubwera anabwezera mutu kumbuyo, milomo ili chitsekere. Ankaiopa ngati mwana woopa jakisoni, ndipo anali ndi chifukwa. Supuni iliyonse imene inachokera m'dzanja limeneli inawabweretsera ululu. A Chiphaliwali sanawanyengerere ndi mawu. Anakhuthula supuniyo, n'kuitembenuza, n'kugunditsa kumbuyo kwake kozizirako pamlomo wam'munsi umene unali wong'aluka. Anaisiya pamenepo. Panja hutala inaliranso, ulendo uno motalika.

Mapewa a Abwana anatsika pang'ono. Kenako milomo inatseguka, kampata kakang'ono chabe.

A Chiphaliwali anatapa theka la supuni n'kuthira pang'onopang'ono. Onse awiri, mlamu ndi mlamu mnzake, maso anali pakhosi pa wodwalayo. Abwana anasunga supuyo m'kamwa nthawi yaitali, maso atatsinzina, moti a Chiphaliwali anayamba kusakasaka kansalu koti alavulire. Ndiyeno pakhosi panagwedezeka. Anadikira misozi, koma sinabwere. Abwana anatsegula maso, anayang'ana kambale kaja, n'kutsegulanso pakamwa.

Hutala italira kachitatu, alamu anapita pawindo n'kuuza dalaivala kuti akaigwiranso apita kwawo wapansi, ndipo msewu wonse unamva. Atabwerera anakhala pabedi n'kuvula mng'ono wawo nsapato imodzi ija anamuveka. Supuni zinapitirira, pang'onopang'ono, ndi kupumira pakati. Kunali kudya kwa mbalame, koma kunali kudya. Pansi pa kambale pataoneka, Abwana anatukula dzanja kusonyeza kuti basi, n'kutsamira paphewa la akulu awo.

A Chiphaliwali anali atapambana, ndipo ankadziwa. Alamu sanatchulenso za galimoto. Ankangopukuta nkhope ya mng'ono wawo ndi mpango. Koma ali chigwadire pomwepo, a Chiphaliwali anayamba kuona chipindacho ngati akuchiona koyamba. Ayisi wa m'beseni, amene analowa naye ali miyala, anali atasanduka madzi. Pilo anali wonyowa ndi thukuta mbali zonse ziwiri. Diresi yabuluu ija, yongovala kumene, inali itamata kale kumsana. Alamu omwe, munthu wozolowera moto wa pakantini, thukuta linkawatsika m'khosi. Pamwamba malata anathetheka, ndipo dzuwa linali lisanafike n'paliwombo pomwe. Kutentha konseku iwo sankakumva mokwanira, monga sanamvere tiyi uja.

Supu akanatha kuziziritsa m'kamwa, koma osati chipinda. Ndipo anavomereza mumtima kuti kuthamanga konse kwa m'mawawu sikunali kwa Abwana okha. Ankaopa kutsala okha. Ankaopa kuzimitsa makina madzulo n'kusamva kukhosomola kulikonse pamwamba.

Anaimirira n'kunyamula sutikesi ija. Abwana anawagwira ovolosi, n'kunong'ona mawu oyamba a tsiku limenelo.

"Mudya chiyani?"

"Zozizira," anatero a Chiphaliwali. "Ndaphunzira."

Anatsitsa sutikesi, kenako anabwereranso kudzanyamula mwini wake. Anali wopepuka moti mtima unawapweteka pasitepe iliyonse. Atamukhazika kumpando wakumbuyo anathamangiranso m'mwamba. Anatenga fulasiki ija, kukhuthula tiyi wa m'mawa m'sinki, kuitsukuluza ndi madzi a ayisi mpaka itaiwala kutentha, n'kuthiramo supu amene anatsala m'jagi.

Alamu anali atakhala kale kutsogolo. A Chiphaliwali anawerama pawindo n'kuyamba kufotokoza mofulumira, kuopa kuti galimoto inyamuka asanamalize. Anati nkhaka azisenda, njere azichotsa zonse, tomato ayi, anyezi ayi, azisefa, supuni iziyamba yakhala m'ayisi, ndipo chonde, chonde, asamatenthetse. Alamu ankangoyang'ana kutsogolo, fulasiki ili pamiyendo. Atamaliza, anatembenuka n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato zawo zopsa ndi nthethe za moto.

"Ndiye mukuganiza kuti ine, ndi manja angawa, ndingapatse mng'ono wanga chakudya chozizira? Manyazi amenewo musenza ndinu. Katengeni chimakina chanucho, mukwere. Ndipo ovolosiyo muvule, mipando yanga ndi yoyera."

A Chiphaliwali anaima kukamwa kuli yasa, mpaka dalaivala anawafunsa ngati akufuna awalizire hutala. Anakwera masitepe aja komaliza, anavala malaya a kutchalitchi, anakulunga bulenda m'kansalu kake koluka. Pansi anapeza kasitomala atabwera ndi wilibala yothyoka mwendo, akufunsa kuti abwere liti. Anamuuza kuti sakudziwa. Anakoka chitseko chachitsulo cha shopu dzuwa lili pamutu, zimene anthu a mumsewuwo anali asanazionepo, moti mayi wa juwisi uja anatuluka kudzaonerera.

Anakhala kumbuyo pambali pa akazi awo, bulenda ili pamiyendo. Galimoto itanyamuka, Abwana anasuntha dzanja n'kuliika pamwamba pa lawo lija la matuza. A Chiphaliwali sanathe kudziwa ngati linali lotentha kapena lozizira. Anangomva kulemera kwake, ndipo sanasunthe mpaka anakafika.